Zombo za simenti: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri ndi mayankho ake

Chithunzi cha sitima ya konkire chikangoyamba kuzungulira pa WhatsApp kapena pa Facebook, mafunso amakhala omwewomwewo, ndipo sipalephera wina wonena kuti ndi bodza la pakompyuta. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka a anthu amene ayamba kale kuganiza zogula matumba a simenti.

Zoona kuli zombo zopangidwa ndi simenti?

Zilipo, ndipo zili m'magulu awiri amene anthu amawasokoneza. Gulu loyamba ndi la sitima zikuluzikulu zonyamula katundu, zambiri zomangidwa nthawi ya nkhondo ziwiri za padziko lonse. Thunthu lake ndi konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, ngati ya pamlatho, ndipo khoma lake limakhuthala masentimita 10 kapena kuposa. Gulu lachiwiri ndi la maboti ang'onoang'ono, a asodzi ndi a matanga, omangidwa mwa njira yotchedwa ferrocement. Khoma la amenewa ndi lopyapyala, pafupifupi masentimita 2.

Simenti imathera pathunthu, nthawi zina ndi padenga la chombo. Injini, mlongoti, matanga, chiwongolero ndi nangula n'zofanana ndi za chombo china chilichonse.

Nanga konkire si mwala? Imayandama bwanji?

Tengani beseni lachitsulo muliike padziwe, liyandama. Liphwanyeni ndi hamala likhale chibulumwa, limira pomwepo, chonsecho chitsulo chake n'chomwecho. Chimene chasintha ndi malo amene chikutenga m'madzi. Chinthu chimayandama ngati madzi amene chingakankhire pambali akulemera kuposa icho.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze thanki la konkire lotseguka pamwamba, mamita 2 m'litali, mamita 2 m'lifupi, kuya mita imodzi, makoma okhuthala masentimita 5. Konkire yake yonse ilemera pafupifupi makilogalamu 1,440. Kuti thankilo limire mpaka m'milomo liyenera kukankha madzi olemera makilogalamu 4,000. Ndiye mukaliika panyanja lingolowa masentimita 36 basi. Mutha kukwezamo matumba 30 a simenti, n'kukhalabe ndi khoma la masentimita oposa 25 pamwamba pa madzi.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene amafunsa funsoli za Ilala, pamene chitsulo chimalemera kuposa konkire katatu ndi kupitirira. Bokosi lodzaza la mita imodzi mbali zonse limalemera makilogalamu 1,000 likakhala la madzi, 2,400 likakhala la konkire, ndi 7,850 likakhala la chitsulo.

Anayambitsa ndani?

Joseph-Louis Lambot, mlimi wa kum'mwera kwa France. Pamunda wake ku Miraval ankapanga matanki ndi zotengera zina ndi waya womata simenti, pofuna chinthu chosawola ngati matabwa. Mu 1848 anapanga kabwato kopalasa mwa njira yomweyo, ndipo mu 1855 anakaonetsa bwato lotere pachionetsero chachikulu cha ku Paris. Limodzi mwa mabwato ake likusungidwa ku Brignoles mpaka lero. Mabwato a Lambot amawerengedwa pakati pa zinthu zoyambirira kupangidwa ndi simenti yokhala ndi chitsulo m'kati, kutanthauza kuti luso limene lagwira nyumba zosanja za m'mizinda yathu linayesedwa padziwe lisanafike pamtunda.

M'zaka za m'ma 1890 Carlo Gabellini wa ku Italy ankamanga zombo za konkire zokokedwa. Yoyamba kuyenda panyanja yamchere ndi injini yakeyake inali Namsenfjord, ya mamita 26, imene Nicolay Fougner wa ku Norway anaitsitsira m'madzi pa 2 Ogasiti 1917.

Chinawavuta n'chiyani kuti asiye chitsulo n'kuyamba konkire?

Nkhondo. Pofika 1917 sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza zombo zamalonda mofulumira kuposa mmene zatsopano zinkamangidwira, ndipo chitsulo chinkalimbiranidwa ndi opanga mfuti ndi zipolopolo. Sitima ya konkire imafunabe chitsulo, koma chochepa, komanso cha mtundu wosavuta kupeza, ndodo zachitsulo za m'konkire osati zitsulo zophwatalala. Ogwira ntchito nawo anali osavuta kupeza: akalipentala opanga zikombole ndi amisiri a konkire, m'malo mwa amisiri a zitsulo amene anali otanganidwa kale.

Mu Epulo 1918 Pulezidenti Woodrow Wilson wa America anavomereza kuti pamangidwe sitima 24 za konkire. Nkhondo inatha mu Novembala chaka chomwecho, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inali itayamba ntchito. Zomwe zinamalizidwa ndi 12. Nkhondo yachiwiri itabwera, njala ya chitsulo inabweranso, ndipo kampani ya McCloskey inamanga sitima 24 ku Tampa, Florida, kuyambira 1943. Zambiri anazipatsa mayina a akatswiri akale a simenti ndi zomangamanga, monga Vitruvius, John Smeaton ndi Joseph Aspdin.

Zinkayendadi panyanja, kapena zinali zongoonetsera?

Zinkayenda. SS Faith, imene inamangidwa ku Redwood City, California, ndi wamalonda W. Leslie Comyn n'kulowa m'madzi mu Malichi 1918, inanyamula katundu mpaka 1921. Za McCloskey zinagwira ntchito nthawi ya nkhondo, ndipo ziwiri, Vitruvius ndi David O. Saylor, zinawoloka Atlantic n'kukamizidwa dala kugombe la Normandy, ku France, mu 1944 kuti zitchinge mafunde pamene asilikali ankatsitsa katundu.

Kunalinso zombo zambiri za konkire zopanda injini, zongokokedwa, zimene zinkakhala ngati nkhokwe zoyandama za mafuta, chakudya ndi zipangizo kunyanja ya Pacific. Chimodzi asilikali a pamadzi a America anachisandutsa fakitale ya ayisikilimu.

Ngati zinkayenda, anazisiyiranji?

Kulemera. Khoma la chitsulo la sentimita imodzi kapena awiri limachita ntchito imene konkire imafuna masentimita 10 kapena 15. Ndiye sitima ya konkire imayamba ulendo itasenza kale mtolo wa thupi lake: katundu wolipiritsa amakhala wochepa, mafuta ambiri, liwiro lochepa. Nthawi ya nkhondo zimenezo zinkapiririka. Mtendere utabwera, sitima zachitsulo zotsala kunkhondo zinadzaza m'madoko pamtengo wotaya, ndipo palibe wamalonda amene akanasankha ya konkire.

Vuto lachiwiri linali kugunda. Chitsulo chimangopindika, konkire yokhuthala imasweka. Mu 1920 SS Cape Fear inawombana ndi sitima ina ku Narragansett Bay, ku America, n'kumira m'mphindi zochepa, ndipo anthu oposa khumi anafa. Chaka chomwecho SS Selma inagunda khoma la doko ku Tampico, Mexico, n'kung'ambika mng'alu wa mamita pafupifupi 18. Atalephera kuikonza anaimiza dala pafupi ndi Galveston, Texas, mu 1922.

Zili kuti lero?

Apa ndiye pali nkhani, chifukwa sitima yachitsulo ikakalamba amaidula n'kugulitsa zitsulo zake, koma ya konkire palibe amene amaifuna. Kuiphwanya kumadya ndalama zambiri kuposa zimene ungapezemo. Choncho zambiri zili pomwe zinasiyidwa.

Selma ikuonekabe ku Galveston. Atlantus anaigula mu 1926 kuti ikhale mbali ya doko ku Cape May, New Jersey, koma pa 8 Juni chaka chomwecho namondwe anadula zingwe zake n'kuikankhira pamchenga pafupi ndi gombe. Inakanika kuchotsedwa, ndipo zidutswa zake zikadali pomwepo. Sapona inatitimira pafupi ndi Bimini ku Bahamas ndi mphepo yamkuntho ya mu 1926, itagwirako ntchito yosungira mowa wozembetsa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America. Lero ndi malo a osambira pansi pa madzi.

Yotchuka kwambiri ndi Palo Alto, ya mamita pafupifupi 130. Inalowa m'madzi ku Oakland mu 1919, nkhondo itatha kale, n'kukhala zaka khumi osagwira ntchito. Kenako kampani ina ya zisangalalo inaigula, kuikhazika pamchenga ku Seacliff, California, n'kuikamo bwalo lovinira, malo odyera ndi dziwe losambira. Patangopita zaka ziwiri kampaniyo inagwa, sitimayo n'kuthyoka pakati. Mafunde a mu Januwale 2017 anagubuduza mbali yake yakumbuyo. Pano ndi mudzi wa mbalame za m'nyanja.

Zina zinapeza ntchito yoziyenera kuposa imene anazipangira. Zisanu ndi zinayi za McCloskey anazimiza motsatana ku Kiptopeke, Virginia, mu 1948 kuti zitchinge doko. Ku Powell River, Canada, fakitale ya mapepala inamangirira khumi pamodzi zikuyandama kuti ziteteze dziwe losungira mitengo. Pakati pake panali Peralta, mnzake wa Palo Alto, imene yakhala pamadzi amchere zaka zoposa 100.

Nanga ferrocement ikusiyana bwanji ndi konkire wamba?

Konkire wamba ndi simenti, mchenga ndi miyala ya kwale, zitsulo zikuluzikulu zili patalipatali. Mu ferrocement mulibe miyala. Muli waya woluka wosanjikiza kambirimbiri, ngati uja wa m'makola a nkhuku, womangidwa pa tizitsulo ting'onoting'ono, ndipo matope a simenti ndi mchenga amangodzaza mipata. Kunena zoona ndi bwato la waya lomatidwa simenti. Poti waya ali paliponse, mng'alu sungayende patali usanakumane naye, ndipo khomalo limatha kupindika pang'ono osasweka.

Amene anaidzutsanso njirayi ndi injiniya wa ku Italy, Pier Luigi Nervi. Nkhondo yachiwiri itangotha anamanga Irene, chombo cha matani 165 chokhala ndi khoma la masentimita 3.5, ndipo mu 1948 anadzimangira bwato la matanga lotchedwa Nennele, la mamita 12.5, khoma lake lokhuthala sentimita imodzi ndi pang'ono.

Boti lotere limamangidwa bwanji?

Amayamba ndi mafupa. Amapinda mapaipi kapena zitsulo kukhala nthiti za boti, n'kuziimika pamsana wake. Pa nthitizo amayala tizitsulo ta mamilimita pafupifupi 6, totalikirana masentimita ochepa, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako waya: akakhala wa m'makola a nkhuku, kawirikawiri magawo anayi kunja ndi anayi m'kati. Ntchito yotopetsa ndi yomanga. Pamafunika timawaya topota masauzande ambirimbiri, kalikonse kopotedwa ndi pulayala, kudulidwa n'kupindidwira m'kati, mpaka waya yense atagwirana ngati mphasa yolimba. Munthu womanga yekha amatha miyezi ali pa ntchito imeneyi, zala zili mabala okhaokha. Pakatsala chotupa pawaya chidzaonekanso paboti, chifukwa simenti simakonza maonekedwe, imangotsatira.

Kenako limafika tsiku lomata, ndipo moyo wonse wa botilo umagamulidwa tsiku limenelo. Matope amakhala okhathamira simenti: muyezo umodzi wa simenti pa miyezo iwiri ya mchenga wosefa, wotsuka, wopanda mchere ndi dothi. Madzi amakhala ochepa, osafika theka la kulemera kwa simenti. Amene anazolowera kuthira madzi ambiri kuti matope aziyenda bwino pa fosholo, apa aphe chizolowezicho, chifukwa madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo. Gulu lina limakankha matope ndi manja ndi mipeni ya omanga kuchokera mbali imodzi, gulu lina lili mbali inayo kuyang'ana kuti atulukira paliponse, kenako n'kusalaza. Makina osakanizira saima, mawilibala saima, anthu amadya mosinthana. Ambiri amafuna kuti thunthu lonse lithe tsiku limodzi, kuti pasakhale msoko pakati pa simenti youma ndi yaiwisi. Ena amamata kunja kaye, m'kati pambuyo, koma pamenepo msokowo umafuna kusamala kwambiri. Simenti yophimba waya wakunja imangokhala mamilimita 2 kapena 3. Ikachepa waya amachita dzimbiri, ikachuluka boti limalemera ndipo khungulo limachita ming'alu.

Zikatero boti limafunditsidwa masaka onyowa, kutetezedwa ku dzuwa ndi mphepo, n'kumathiridwa madzi usana ndi usiku kwa masiku 28. Simenti silimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa chogwirana ndi madzi. Pomaliza amalipaka epoxy, mankhwala olimba otchinga madzi, ndi penti.

Madzi salowa? Nanga waya sachita dzimbiri?

Matope osakanizidwa bwino salola madzi kudutsa, n'chifukwa chake njira yomweyi imapangira matanki a madzi. Simenti imatetezanso chitsulo ku dzimbiri malinga ngati yachikuta bwinobwino. Thunthu lotere siliwola, silipsa, ndipo tizilombo ta m'nyanja toboola matabwa tilibe nalo ntchito.

Mdani ndi mphako, malo amene matope sanalowe tsiku lomata lija. Madzi amchere akapeza njira yofika pamenepo waya amachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, n'kusomphola simenti kuchokera m'kati. Kunja mumangoona kadontho kofiirira papenti. Chinanso ndi dizilo: amalowerera m'simenti, choncho thanki la mafuta lomangidwira kuthunthu liyenera kumatidwa mankhwala oyenera.

Likagunda mwala limasweka ngati mbale?

Ayi, apa likusiyana ndi sitima zikuluzikulu zija. Pamalo pogundapo simenti imaphwanyika ngati chigoba cha dzira, koma waya amagwira zidutswazo, ndiye madzi amalowa mochucha m'malo mokhuthuka. Kukonza n'kosavuta: kugogoda mbali zonse ziwiri kuchotsa zophwanyika, kuwongola waya, kumatanso. Simenti ndi mchenga zimapezeka padoko lililonse.

Chimene silipirira ndi kumenyedwa mobwerezabwereza pamalo amodzi. Boti lachitsulo likakhala pamiyala mafunde akuligwedeza limatha kupulumuka lili lopindikapindika. La simenti limaperepeseka.

Bwato la matanga lolemera chotero lingathamange?

Zimatengera kukula. Khoma la ferrocement silingapyapyale kupitirira malire ena, ndiye kaboti ka mamita 6 kapena 7 kamalemera mopitirira msinkhu wake. Kuyambira mamita 11 kapena 12 kupita m'tsogolo kulemera kwake kumayandikana ndi kwa boti lachitsulo kapena la matabwa okhuthala. Loyenda maulendo ataliatali kulemerako kumalithandizanso kuti lisamagwedezeke kwambiri.

Awahnee, bwato la mamita 16 limene Bob Griffith wa ku America anamanga ku New Zealand m'zaka za m'ma 1960, linazungulira dziko lonse. Ndipo mu 1973 Helsal ya Tony Fisher, ya mamita 22, inafika poyamba pampikisano wa Sydney mpaka Hobart m'masiku atatu, ola limodzi ndi mphindi 32, n'kuphwanya mbiri ya liwiro ya nthawi imeneyo. Anthu a ku Australia anaipatsa dzina lachipongwe lotanthauza kanjira ka simenti kouluka.

N'zoona kuti ndi lotsika mtengo?

Thunthu lokha, inde, ngati simukuwerengera thukuta lanu. N'chifukwa chake njirayi inagwira kwambiri kumene manja ndi ambiri koma matabwa ndi ndalama zakunja n'zochepa. Ku China maboti a simenti masauzandemasauzande ankanyamula katundu m'mitsinje ndi m'ngalande, Cuba inamanga maboti ambiri a asodzi mwa njirayi, ndipo bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linailimbikitsa m'mayiko osiyanasiyana.

Koma thunthu ndi gawo laling'ono la mtengo wa boti lomalizidwa. Injini, matanga, zingwe, magetsi ndi zam'kati zimagulidwa pamtengo womwewo kaya thunthu ndi la simenti kapena la fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Ambiri anazindikira zimenezi thunthu litaima kale kuseri kwa nyumba.

Ndiye mbiri yoipa inachokera kuti?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, ku New Zealand, Australia, Canada, America ndi Britain kunabuka chikoka chodzimangira boti pakhomo. Mapulani a Richard Hartley wa ku New Zealand ndi a John Samson wa ku Canada anagulidwa kwambiri. Ena anamanga maboti abwino zedi amene akuyendabe. Ena anali asanagwirepo mpeni womangira, anachepetsa waya, anakhuthalitsa simenti poganiza kuti ndiko kulimbitsa, n'kuitana anzawo kudzamata Loweruka ndi mowa pambali.

Tsoka lake n'lakuti akapaka penti, boti labwino ndi loipa amafanana. Wogula sangaone m'kati mwa khoma, woyeza maboti naye amavutika kutsimikiza, ndiye a inshuwalansi ambiri anangoyamba kukana onse kapena kukweza mtengo. Maboti omangidwa ndi akatswiri, monga a kampani ya Windboats ku Wroxham, England, anavutikira limodzi ndi a kuseri kwa nyumba. Ife timaona kuti mlandu suli pa simenti, koma sitingawadzudzulenso a inshuwalansi.

Ndikafuna kugula lakale ndiyang'ane chiyani?

Funsani kaye amene analimanga ndi amene anamata. Zithunzi za waya asanamatidwe ndi zamtengo wapatali kuposa penti yatsopano. Litulutseni m'madzi, muyang'ane m'mbali mwake dzuwa likupendeka: thunthu losalala bwino limasonyeza mmisiri wosamala, la mabampu limakuuzani za zina zimene simukuziona. Gogodani paliponse ndi kahamala. Pabwino pamalira mwakuthwa, pa mphako pamalira ngati ng'oma yonyowa. Onani madontho a dzimbiri, makamaka kumsana ndi pamene pamangidwa zitsulo zogwira mlongoti. Onaninso ngati lakhala m'madzi mozama kuposa mzere wa pa pulani. Boti loti latha zaka 40 pamadzi amchere popanda zizindikiro zimenezi ladziperekera umboni lokha. Za inshuwalansi, zimene tafotokoza pamwambapa, funsani musanapereke ndalama.

Lingagwire ntchito pa Nyanja ya Malawi?

Madzi opanda mchere ndi ofatsa kwa waya, ndipo mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa, ndiye funsoli n'lomveka. Koma ganizirani mmene msodzi amagwirira ntchito: bwato limakokeredwa pamchenga tsiku ndi tsiku, ndipo mwera ukayamba aliyense amathamangira kulitulutsa. Boti laling'ono la simenti ndi lolemera kulikoka, komanso kukhuzika pamchenga ndi pamiyala kumadya khungu lopyapyala lija. Lingayenere boti lalikulu lokhala panangula kapena padoko lotetezeka, pantoni, kapena pokwerera poyandama. Mchenga wa kunyanja uyenera kusefedwa ndi kutsukidwa kaye, ndipo amisiri omata aphunzire pa matanki asanakhudze chinthu chonyamula anthu.

Masiku ano akumangabe?

Maboti a matanga, mwa apo ndi apo. Fibreglass inalanda msika, ndipo maboti akale otsika mtengo ndi ambiri moti kudzimangira sikupindulitsa. Koma konkire yoyandama ikuchuluka pa zinthu zimene zimafunika kuyandama popanda kuyenda, kumene kulemera kumathandiza. Seattle, ku America, ili ndi milatho yoyandama pa mabokosi a konkire kuyambira 1940. Monaco inakulitsa doko lake mu 2002 ndi khoma loyandama la mamita 352, lomangidwa ku Algeciras, Spain, n'kukokedwa panyanja, m'kati mwake muli malo oimika magalimoto. Nsanja ya gasi ya Troll A ku Norway, yotalika mamita 472, anaikoka ikuyandama mu 1995 asanaikhazike pansi pa nyanja. Nyumba zoyandama za ku Netherlands zambiri zimakhala pa mabokosi a konkire.

Ophunzira uinjiniya nawo amapikisana chaka ndi chaka ndi mabwato opalasa a konkire. Ku America mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1988, ndipo magulu ena amasakaniza timikanda tagalasi ta mphako m'malo mwa mchenga, mpaka konkireyo kupepuka kuposa madzi. Asanaloledwe kupikisana, bwato lililonse amalidzaza madzi kuti aone ngati libwerera pamwamba.